Thupi Lathu: Uthenga Ukafika, Ndani Amaufufuta?



Nkhani ya ulendo uno yachokera kwa mayi a kunyumba kwanga. Miyezi ingapo yapitayo iwo anakadikirira mng'ono wawo kuchipatala pamene ankachira mwana wake woyamba. Matenda atachedwa, anamwino anamuika diripi ya mankhwala ofulumizitsa. Patapita nthawi ululu unayamba kubwera mothithikana, osapatsa mpata wopuma, ndipo namwino atamvetsera mtima wa mwana anangopita pa diripi paja n'kutseka. Apongozi anga anali pakhomo pomwepo ndipo sizinawasangalatse. Iwo anati, "Mankhwala alowa kale m'thupi, nanga kutsekako kuthandiza chiyani? Mchere ukauthira m'ndiwo umachotsedwanso?" Koma pasanathe theka la ola ululu uja unayamba kubwera motalikirana monga poyamba, ndipo madzulo a tsiku lomwelo mwana anabadwa bwinobwino, alhamdulillah. Atafika kunyumba mayi anandifunsa kuti, "Abambo, inu mumakonda mabuku, tatiuzani, mankhwala aja anapita kuti?"

Ine si dokotala, ndine mphunzitsi, kotero ndiyamba ndi za m'kalasi. Pa bolodi pamagwira ntchito zinthu ziwiri, choko ndi kansanza kofufutira. Choko timamusunga m'thumba mosamala, kansanza timangokaponya pakona. Koma tsiku limene kansanzako kasowa, n'kulemba phunziro latsopano pamwamba pa ladzulo, ana sawerenga ladzulo ndipo sawerenganso lalero. Thupi lathu limalemba mauthenga usana ndi usiku, ndipo lili ndi zofufutira zake. Mabuku ambiri a sukulu amanena za olemba okha. Lero tikambe za ofufuta.

Lozani chala pakati pa maso anu, pamene mphuno imayambira, ndipo muyerekeze kuti chalowa mkati kutalika kwa chala chonsecho. Pamenepo, kunsi kwa ubongo, pali kachiwalo kofanana ndi njere ya nsawawa, kolemera pafupifupi theka la galamu, kokhala m'kadzenje ka fupa. Dzina lake ndi pituitary. Kameneka kamagwira ntchito pamodzi ndi mbali ya ubongo yoyandikana nako yotchedwa hypothalamus, ndipo awiriwa amatumiza mahomoni m'magazi kukauza ziwalo zina zochita. Ambiri mwa mauthengawa ndi a mtundu wotchedwa peptide. Ganizani za mikanda yotungidwa pa ulusi. Mkanda uliwonse ndi amino acid, ndipo amene thupi limamangira ndi a mitundu 20. Chingwe chikatalika kwambiri timati puloteni, yomwe ija timaipeza mu usipa ndi nyemba. Chikakhala chachifupi ndiye peptide. Tanthauzo la uthenga lili m'katungidwe kake, mkanda uti woyamba, uti wotsatira, monga zilembo m'mawu. Chingwe chikaduka uthenga watha.

Mankhwala anali mu diripi aja ndi oxytocin, chingwe cha mikanda 9 yokha, chomwe thupi la mayi limapanganso lokha. Amene anayamba kuona mphamvu yake ndi Henry Dale wa ku England, yemwe mu 1906 anapeza kuti madzi ofinyidwa mu pituitary amachititsa chiberekero kukungika. Dzinalo ndi la Chigiriki ndipo limatanthauza kubereka msanga. Mu 1953 Vincent du Vigneaud wa ku America anazindikira katungidwe ka mikanda yake n'kuipanga yekha mu labotale, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1955. Choncho zimene namwino amathira mu diripi n'zofanana ndendende ndi zimene zimachokera m'mutu mwa mayi.

Nanga wofufuta ndani? Ndi ma-enzyme. Mawuwa ndi achilendo koma ntchito yake amayi a kunyanja kuno amaidziwa kalekale. Mukathira chimera m'phala lolimba, phalalo limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, ndiye thobwa limenelo. M'chimera muli enzyme yodula ufa kukhala shuga. Mukakulunga nyama yolimba ya mbuzi m'masamba a papaya imafewa, chifukwa mu utomoni wa papaya muli enzyme yodula puloteni. M'thupi mwathu muli ma-enzyme ofanana ndi a papayawa, otchedwa peptidase, amene ntchito yawo ndi kudula zingwe za mikanda zija. Ena amabudula kunsonga mkanda umodziumodzi, ena amadula pakati, ndipo aliyense ali ndi malo ake amene amadziwa kudulapo. Ali m'magazi, m'chiwindi, mu impso, mu pituitary momwemo, ndipo mu ubongo ambiri amakhala atamatirira pakhungu la maselo, pafupi ndi pamene uthenga umatulukira, ngati munthu wodikira pakhomo ndi lumo m'manja.

Oxytocin ikalowa m'magazi, theka lake limakhala litatha m'mphindi zitatu kapena zisanu. Tiyeni tiwerengere pamodzi, titenge mphindi zisanu. Namwino akatseka diripi, pakatha mphindi 5 yatsala theka, pakatha 10 yatsala gawo limodzi mwa anayi, pakatha 20 yatsala gawo limodzi mwa 16. Ndilo yankho la funso la mayi. Mankhwala aja sanapite kwina kulikonse, anadulidwa, ndipo mikanda yake thupi linatola kukamangira zinthu zina. Kwa mayi woyembekezera pali wothandizira wina. Nsengwa imatulutsa enzyme yotchedwa oxytocinase, imene imachulukirachulukira m'magazi pamene mimba ikukula. Enzyme yomweyo imapezekanso m'maselo a ubongo wa munthu aliyense, wamwamuna ndi wamkazi.

Kupuma kwa pakati pa ululu si kuchedwa kwachabe monga ena amaganizira. Chiberekero chikakungika chimafinya mitsempha yopereka magazi ku nsengwa, ndipo mwana amalandira mpweya wochepa kufikira chitamasukanso. Zili ngati munthu wosambira amene amamira n'kuvuuka kudzapuma. Chikakungika kosalekeza mwana amabanika, ndipo nthawi zina chiberekerocho chimang'ambika, mayi n'kutaya magazi mkati. Apa ndilankhule mwaulemu kwa amayi athu akuluakulu, azakhali ndi anamkungwi, amene ndikudziwa kuti amachita zonse chifukwa chokonda ana awo. Mankhwala a zitsamba ofulumizitsa kubereka, aja ambiri amawatcha mwanamphepo, vuto lake lili pomwepa. Diripi imawerengedwa madontho, ndipo ili ndi potsekera. Chikho cha mankhwala a zitsamba palibe amene amayeza mphamvu yake, ndipo chikamwedwa chamwedwa, chimapitiriza kulowa m'magazi kuchokera m'matumbo popanda wochiimitsa. Apa ndiye fanizo la apongozi anga la mchere m'ndiwo likugwira ntchito. Ngati mayi wamwa kale, chonde muuzeni namwino pofika, musabise poopa kukalipiridwa. Akapanda kudziwa akhoza kuwonjezera diripi pamwamba pa zimene zili kale m'thupi.

Mwana akangobadwa zinthu zimatembenuka. Tsopano chofunika n'chakuti chiberekero chikungike ndi kukhala chokungika, kuti chitseke mitsempha ya pamene nsengwa yachoka. N'chifukwa chake mayi amabayidwa jekeseni wa oxytocin pantchafu mwana atangotuluka. Akatswiri anapanganso mbale wake wotchedwa carbetocin, amene anamusintha pang'ono kuti malumo aja azivutika kumudula, ndipo theka lake limatha pafupifupi mphindi 40. Mu 2018 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amayi pafupifupi 30,000 m'mayiko 10, kuphatikizapo Kenya, Uganda ndi South Africa, zoonetsa kuti carbetocin wa mtundu wopirira kutentha amateteza kutaya magazi mofanana ndi oxytocin. Oxytocin imafuna kusungidwa mu firiji, pa madigiri 2 mpaka 8. Amene amadziwa kutentha kwa Okutobala ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amvetsa chifukwa chake nkhani imeneyi ili yathu.

Oxytocin ili ndi mnzake wofanana naye ngati mapasa, vasopressin, wa mikanda 9 nayenso, wosiyana pa mikanda iwiri yokha. Ameneyu aliyense wosala mwezi wa Ramadhan waona ntchito yake. Impso zimasefa madzi okwana malita 180 pa tsiku, ndowa 9 za malita 20, koma mkodzo umene timataya ndi lita imodzi ndi theka basi, chifukwa ena onsewo amabwezedwa m'magazi. Madzi akachepa m'thupi, pituitary imatulutsa vasopressin kukauza impso kuti zibweze ochuluka, ndipo ndiye chifukwa chake pofika nthawi ya Asr mkodzo umakhala wochepa ndi woderako. Mukafuturu n'kumwa madzi, kutulutsako kumaima, ndipo wotsala m'magazi amadulidwa m'mphindi makumi ochepa. Pakanapanda kudulako impso zikanapitiriza kusunga madzi amene sakufunikanso.

Enzyme ya mu nsengwa ija sisiyanitsa mapasawa, imadulanso vasopressin. Kwa amayi ochepa kwambiri, makamaka m'miyezi itatu yomaliza, imadula mopyola muyeso, ndipo mayi amamva ludzu losatha ndi kukodza malita ambirimbiri a mkodzo woyera ngati madzi. Kukodza pafupipafupi pang'onopang'ono n'kwachibadwa kwa woyembekezera. Koma ludzu lodzutsa munthu usiku kangapo kukamwa madzi lipite kusikelo likayezedwe, pakuti likhozanso kukhala matenda a shuga. Vuto la vasopressin lili ndi mankhwala, desmopressin, amene nsonga yake inasinthidwa kuti enzyme ija isapeze pogwira, ndipo kawirikawiri limatha lokha masabata angapo mayi atachira. Pomwepa muonanso chifukwa chake insulin ndi oxytocin amachita kubaya. M'mimba ndi m'matumbo muli malumo a pepsin ndi trypsin amene sasiyanitsa insulin ndi nyama ya chambo, zonse amadula monga chakudya.

Tsopano tikwere mu ubongo weniweniwo. Asodzi amanena kuti mwera ukawapeza pakati pa nyanja, munthu akhoza kuchekeka dzanja ndi chingwe osamva kanthu, ululu n'kudzayamba atakokera bwato kumtunda. Mbali ina ya chinsinsi chimenechi inadziwika mu 1975, pamene John Hughes ndi Hans Kosterlitz a ku Aberdeen m'dziko la Scotland anapeza kuti ubongo umapanga mankhwala akeake opha ululu, zingwe ziwiri za mikanda 5, zimene anazitcha enkephalin. Anazipeza mu ubongo wa nkhumba wotengedwa kophera nyama. Musachite tsinya, unali wopimira chabe, ndipo chaka chotsatira Choh Hao Li wa ku California anapeza china champhamvu, beta-endorphin, mu pituitary ya ngamila. Chimenechi n'cha mikanda 31, kungoperewera iwiri kuti chifanane ndi tasbih yaifupi.

Enkephalin imagwira pamalo omwewo amene morphine amagwira, koma sikhalitsa. Ikangotuluka malumo amaigwera nthawi yomweyo. Mu 1978 akatswiri a ku Paris, pakati pawo Jean-Charles Schwartz ndi Bernard Roques, anapeza enzyme imodzi yochita zimenezi mu ubongo. Pambuyo pake kunadziwika kuti ndi yomwe ija ena a ku Leeds anali ataipeza kale mu impso za kalulu mu 1974. Lero imatchedwa neprilysin. Ine ndimaona nzeru pa kufulumira kumeneku. Ululu ndi mlonda, ndipo msodzi uja akanapitiriza kusamva kanthu sakanasamala bala lake. Morphine si chingwe cha mikanda, malumowa samudula, choncho amakhala m'thupi maola angapo. M'manja mwa dokotala ndi chifundo chachikulu kwa wodwala khansa. Wongomwa mwachisawawa mankhwala a mtundu umenewu ubongo wake umazolowera uthenga wosafufutika, ndipo kusiya kumakhala nkhondo.

Neprilysin ili ndi ntchito ina imene ndikufuna tiikhalire pansi. Mu ubongo wa aliyense mumapangika tsiku ndi tsiku peptide yotchedwa amyloid beta, ya mikanda 40 kapena 42, yokonda kumamatirana. Mwa munthu wathanzi imachotsedwa pamene ikupangidwa. M'zaka za 2000 ndi 2001 gulu la Takaomi Saido ku Japan linaonetsa pa makoswe ndi mbewa kuti neprilysin ndi mmodzi mwa osesa akuluakulu a peptide imeneyi, ndipo kuti ikasowa amyloid imaunjikana. Zinaonekanso kuti enzyme imeneyi imachepa ndi ukalamba m'mbali za ubongo zosunga chikumbumtima cha zinthu zimene taona ndi kumva. Miulu ya amyloid imeneyi ndi chimodzi mwa zizindikiro za matenda amene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anawafotokoza mu 1906. Zoyambitsa matendawa n'zingapo, mtundu wa kubanja ndi thanzi la mitsempha ya magazi zili momwemo, koma kuchepa kwa osesa ndi gawo lake.

Taonani m'mene matendawa amaonekera pakhomo. Agogo amayamba kuiwala pamene aika ndalama n'kumanena kuti adzukulu aba. Amafunsa funso limodzi kasanu. Amasokoneza raka za swala imene aswali zaka makumi asanu ndi limodzi. Kenaka amaiwala mayina a ana awo, n'kumaitana anthu amene anamwalira kalekale ngati ali pompo. Usiku tulo timasowa, amatuluka panja kufuna kupita kwawo kumene anabadwira, amasochera, ndipo m'mamawa amapezeka pakhomo pa eni, mwina ali wosavala, osatha kufotokoza kuti afika bwanji. Inu mukudziwa zimene mudzi umanena ukaona zotere. Amati wagwa pa lichero, wagwidwa ufiti, ndipo akamufunsa mwaukali iye amavomera chilichonse, pakuti sakumva n'komwe chimene akufunsidwa. Nkhalamba zathamangitsidwa m'midzi, zina zagendedwa, chifukwa cha matenda a mu ubongo amene ali ndi dzina ndiponso amadziwika m'zipatala za dziko lonse lapansi. Lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limafika mochedwa pamene gulu lasonkhana kale. Amene angathe kufika msanga ndi mwana wa agogowo, akauza anansi ndi amfumu zisanachitike kuti, "Mayi athu akudwala matenda oiwala, mukawaona akuyenda okha muwabweretse kuno." Apiteni nawonso kuchipatala, chifukwa kusokonezeka kwina kwa nkhalamba kumachokera ku matenda ochizika, monga a m'chikhodzodzo, a chithokomiro kapena kuperewera kwa mavitamini. Mankhwala ochiritsiratu Alzheimer kulibe. Chimene chimachepetsa chiopsezo ndi kusamala BP ndi shuga kuyambira munthu akadali wa zaka zapakati, kusiya fodya, kuyendayenda, ndi kukhala pakati pa anthu ocheza nawo.

Pa BP pomwepa pali lumo lina, ACE, lochuluka m'mapapo koma lopezekanso mu ubongo ndi mu pituitary. Limeneli limasokoneza fanizo langa la kansanza, chifukwa kudula kwake kumadzutsanso uthenga. Likadula mikanda iwiri pa chingwe cha mikanda 10 chimene chinali chogona, zotsalazo zimasanduka lamulo lofinya mitsempha, BP n'kukwera. Lomwelo limafufutanso bradykinin, uthenga womasula mitsempha. Mu 1965 Sérgio Ferreira wa ku Brazil anapeza kuti mu ululu wa njoka yotchedwa jararaca muli zinthu zoletsa bradykinin kudulidwa, ndipo kuchokera pamenepo akatswiri a kampani ya Squibb anapanga captopril, amene analoledwa ku America mu 1981. Iye ndi mbale wake enalapril amaperekedwa m'zipatala zathu. Amagwira lumolo dzanja, BP n'kutsika. Koma bradykinin ikaleka kufufutidwa imachuluka, ndipo mwa anthu ena, pafupifupi mmodzi mwa khumi, imayambitsa chifuwa chouma chokereketa pakhosi, chosamva mankhwala a chifuwa. Mwa ochepa imatupitsa milomo, lilime kapena kukhosi, ndipo izi zimachitika kawirikawiri mwa anthu akuda kuposa azungu. Kutupa kotere n'kothamangira nako kuchipatala nthawi yomweyo. Mayi woyembekezera sayenera kumwa mankhwala awiriwa chifukwa amawononga impso za mwana, choncho amene akuwamwa akangozindikira kuti waima akanene msanga kuti amusinthire.

Pamene ndinkafotokoza zimenezi pakhonde, apongozi anga omwe aja anakhala chete kanthawi, kenaka anaulula kuti anasiya mapiritsi awo a BP miyezi iwiri m'mbuyomo chifukwa cha chifuwa chotere, ndipo sanauze aliyense. Tinapita nawo. Adokotala anayamba awayeza makhololo, pakuti chifuwa chopitirira masabata awiri chimayenera kuyezedwa TB, ndipo atapeza kuti mulibe anawasinthira mapiritsi a mtundu wina. Chifuwacho chinatha patapita masabata atatu.

M'kope likudzali, insha Allah, tidzaona kachingwe kafupi kwambiri mwa onsewa, ka mikanda 3 yokha, kamene ubongo umatumiza ku pituitary kuti idzutse chithokomiro, ndiponso chifukwa chake mchere wa ayodini uli wofunika m'khitchini mwanu. Mafunso anu pitirizani kutumiza kudzera kwa mkonzi.